Anyamata omwe anandichotsera ndere padenga kuno ku Manchester, nyenyezi 4 pa 5

Ndadikira dala miyezi 7 ndisanalembe ndemangayi chifukwa ntchito ya ndere sungaiweruze tsiku lomwelo, denga lililonse limawala tsiku loyamba. Ndimafuna chisanu chidutse kaye ndione.

Nyumba yathu ndi ya m'ma 1960, zija zogundizana khoma ndi neba, denga lake la matailosi a simenti. Ife kwathu ku Mulanje ndere timazidziwa za pamiyala ya kumtsinje ndi pakhoma la bafa nthawi ya dzinja, ndiye nditaona denga likubiriwira sindinadandaule nazo, nyumba zambiri mumsewu mwathu zili choncho. Chinandidzidzimutsa ndi tsiku lina kukugwa chimvula, madzi akusefukira mu gutter nkumatsetsereka pakhoma la kuchipinda kwa ana mpaka pakona mkatimo panayamba kuda ndi chinyezi. M'mawa uliwonse timapeza timibulu ta ndere pakhomo, kani ndi mbalame zimapalasa posaka tizilombo, zina nkumagwera mu gutter momwemo kutseka paipi. Mbali yomwe zinadzadza kwambiri ndi yoyang'ana kumpoto, kuno dzuwa silifikako kwenikweni mbali imeneyo, kuphatikiza mtengo wa aneba womwe umachita mthunzi.

Ndinaitana makampani atatu kuti andipatse kotesheni. Awiri oyamba anangoima pansi kuyang'ana m'mwamba nkunena kuti tsiku limodzi tathana nazo, tipopera ndi jet wash, makina aja opopera madzi mwamphamvu, mtengo wake wotsika ndithu moti ndinatsala pang'ono kuvomera. Achitatuwa ndi omwe anakwera pamakwerero kujambula ndi foni nkundionetsa, ndipo bambo wamkulu wa gululo anakana m'maso muli gwa kuti iwo matailosi a simenti akale sawapopera ndi madzi amphamvu. Anandiuza kuti mphamvu ija imakokolola kachikopa ka pamwamba pa tailosi, likatero limatsala lokhakhala nkumamwa madzi kwambiri ndiye ndere zimabwereranso msanga, komanso madzi amalowa kunsi kwa matailosi mpaka kusiling'i. Izi ndinakafufuza pandekha usiku womwewo pa intaneti ndipo ndinapeza kuti sankandinamiza. Anapitirira anzawo aja ndi mapaundi pafupifupi 200 koma ndinawatenga omwewa, ndipo mpaka lero ndikuti ndinachita bwino.

Anabwera atatu kumayambiriro kwa Seputembala, anamanga kansanja kawo kachitsulo kuti asamaponde kwambiri padenga, nkuyamba kupala ndi manja, tailosi limodzilimodzi ndi zopalira zomwe mano ake amafanana ndi mapindikidwe a tailosilo. Abale inu ntchito imeneyi njowawa, masiku awiri athunthu ali chowerama m'mwambamo mphepo ikuwomba, ine ndimangowaphikira tiyi nkumawamvera chisoni. Ndere zomwe zinatsika ndinadabwa nazo, matumba ndi matumba, zolemera ngati dothi lonyowa. Pamenepo mpomwe ndinamvetsa zomwe amanena kuti ndere zili ngati siponji, zimasunga madzi ndipo kukazizira madziwo amaundana nkumang'ambula tailosi pang'onopang'ono. Anapezadi 6 osweka omwe ankabisika kunsi kwa ndere, anasintha onse nkundisiyira akalewo kuti ndione ndi maso anga. Ma gutter anatsuka, kuthira madzi kuyesa ngati akuyenda, zinyalala zonse kunyamula okha.

China chomwe chinandipatsa chikhulupiriro ndi nkhani ya galaja. Ndinawapempha kuti poti mwabwera kale palaninso denga la galajalo ndiwonjezera ndalama, anakana. Akuti mapepala ake akuoneka ngati aja akale osakaniza simenti ndi asbestos, yomwe kuno ku UK inaletsedwa mu 1999, ndipo ukapala fumbi lake limaononga mapapo, ndiye ndiyambe ndayezetsa kaye. Wina akanangolandira ndalamayo nkupala, ine sindikanadziwa kanthu.

Tsiku lachitatu ndi lothira mankhwala ophera ndere zotsalira, ndipo anasuntha tsikulo kawiri kudikira kuti kunja kuume chifukwa mvula ikagwa pompopompo imangowatsuka. Apa ndinene kwa amene mukufuna ntchito ngati iyi, mankhwalawa sagwira ngati bulichi ayi. Sabata yoyamba denga limaonekabe lamathothomathotho, timadontho toyera ndi tachikasu tili pomwepo, ine mtima unayamba kukwera kuganiza kuti ndaponya ndalama m'madzi ndipo ndinawaimbira foni ndili wokwiya. Anandiyankha mwaulemu kuti amayi dikirani, mvula ndi mphepo zimaliza zokha. Pofika Disembala linali litayera lonse, pano chisanu chadutsa palibe chobiriwira chomwe chatulukanso ngakhale mbali ya kumpoto ija, khoma la ana nalo linauma.

Tsopano nyenyezi yomwe ndachotsa. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba kanga, mpiru, tomato ndi nkhwani, ndipo amene muli kunja kuno mukudziwa mmene nkhwani umavutira kuupeza, umachita kuusamala ngati khanda chilimwe chonse. Ndinawauza tsiku loyamba lomwe kuti chonde masamba awa timadya. Paipi yopita mu mgolo wa madzi a mvula anaichotsa bwinobwino, koma pepala lapulasitiki lomwe anaphimbira dimba linali lalifupi, mphepo inauluzira mankhwala mbali ya nkhwani ndipo m'mawa mwake masamba anali atapserera. Otsalawo sindikanayerekezanso kupatsa ana, ndinazula zonse. Anapepesa inde, anachotsako mapaundi 30 pa bilu, koma zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditanena, ndipo mbewu yake anachita kundibweretsera mlamu wanga kuchokera kumudzi. Ngati muli ndi dimba, nsomba zapadziwe kapena pusi, imani pomwepo nokha pamene akuphimba ndipo musawalole kuthira kukuwomba mphepo.

Anandiuza kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu adzangofunika kuthiranso mankhwala osapalanso, ndipo ndidzawaitana omwewa, koma ndidzasankha mwezi wa Epulo ndisanadzale kalikonse. Pakadali pano ndikukambirana ndi aneba za nthambi ziwiri zija zomwe zikulendewera padenga pathu.