Mapositikhadi akale a Market Harborough: anayi enieni, awiri achinyengo

Ndinalipira mapaundi 24, ya positi ili momwemo, pa makhadi 6. Wogulitsayo analemba kuti onse ndi enieni, a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Limenelo linali bodza.

Anabwera mu envelopu wamba, opanda ngakhale kakatoni kowateteza, ndipo limodzi linafika litapindika pakati penipeni pa nsanja ya tchalitchi cha St Dionysius. Awiri ndinangowagwira n'kudziwa: pepala lonyezimira, kumbuyo koyera mbee, losindikizidwa dzulodzuloli. Nditamulembera wogulitsayo, anandiyankha patatha masiku anayi kuti ndikanayang'anitsitsa zithunzi ndisanagule. Ndiyang'anitsitse bwanji pamene kumbuyo kwa makhadiwo sanajambule? Mawu amenewo anandiwawa kuposa ndalama.

Makhadiwa sindinagulire ine. Ndinagulira agogo ena amene ndimawasamalira kuno ku Leicestershire, ku England. Anabadwira m'tauni ya Market Harborough, ndipo ali mtsikana ankasoka zovala zam'kati za azimayi pa fakitale ya Symington, nyumba yomwe lero muli maofesi a khonsolo ndi miyuziyamu. Masiku ano amaiwala kwambiri, nthawi zina ngakhale dzina langa.

Ndinawapatsa anayi enieniwo tikumwa tiyi, mtima wanga udakali m'mwamba. Atatu anangowadutsa. Pa lachinayi anaima. Linali la Old Grammar School, kasukulu kamatabwa kokhala pamizati, pambali pali ngolo yokokedwa ndi hatchi, ana ovala zipewa ataima mumsewu kuyang'ana wojambula. Anaika chala pansi pa nyumbayo nati, "Apa ndinkabisala mvula ndikaweruka." Kenako anandiuza okha, osadodoma, kuti inamangidwa mu 1614, ndipo anaikweza pamizati dala kuti ogulitsa batala pamsika asamanyowe. Anatchula mayina a anzawo atatu a kufakitale. Mwana wawo atabwera madzulo ndinamufotokozera, analephera kuyankhula.

Khadi limenelo ndi lenileni ndithu. Kumbuyo kuli sitampa yobiriwira ya theka la peni, ya nkhope ya mfumu Edward VII, ndi mzere wogawa pakati, mbali ina uthenga ina keyala, zimene ku Britain anayamba kulola mu 1902. Inki yafiira ndi ukale, m'makona mwatha. Agogo amalisunga m'Baibulo lawo.

Choncho mkwiyo wanga watsika pang'ono, koma sunathe. Anayiwo anali oyenera mtengo wake, ndikuvomera, ndipo lopindikalo ndaliwongola pansi pa mabuku, ngakhale mzere ukuonekabe. Ndalama ya awiri achinyengo aja sanandibwezere mpaka lero. Ndikupereka nyenyezi zitatu. Amene mukufuna kugula kwa munthuyu, muuzeni akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa khadi lililonse, ndipo atsimikize kuti aika katoni mu envelopu, musanalipire.