Maola 12 amene anandiuza ku Lilongwe anasanduka 31

Abale anga kumudziko, ndalemba izi chifukwa aliyense amene akundiyimbira masiku ano funso lake ndi lomwelo: "Kodi ku London ndi maola angati pa ndege?" Inenso ndinafunsa chimodzimodzi, ndipo mkulu wina wogulitsa matikiti ku Lilongwe anandiyankha akumwetulira kuti, "Achimwene, maola 12 basi, mwatera."

Sananame kwenikweni, ndiye pomwe pamandiwawa. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000, koma ndege yonyamuka pa Kamuzu International Airport n'kukatera ku London osaima palibe. Uyenera kusinthira kwina, monga ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Yanga inali ya ku Addis: maola pafupifupi 4 kuchoka kwathu, kenako ena pafupifupi 8 kukafika pa bwalo la ndege la Heathrow ku London. Mkulu uja anaphatikiza a m'mwamba okhaokha. Za maola 19 odikira pansi sanatsegulepo pakamwa.

Nditaona pepalalo ndinadabwa, koma anati ndisadandaule, hotelo ndi chakudya zili mu tikiti momwemo, ndingoonjezerapo madola 60 a ntchito yake. Ndinapereka. Nditafika pa bwalo la ndege la Bole ku Addis, mayi wa pa desiki anayang'ana mapepala anga, n'kupukusa mutu. Anali matikiti awiri osiyana, aliyense ndi nambala yake. Hotelo kunalibe. Ndinagona pa mpando wachitsulo, chikwama chili kumutu, nditavala shati yokha chifukwa jekete ndinaliika mu sutikesi. Addis ili pamwamba, mamita opitirira 2,300, ndipo usiku wake kumazizira ngati ku Dedza mu June.

Kutacha ndi pomwe anandimaliza. Tikiti yoyamba inkalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse, yachiwiri imodzi yokha. Sutikesi inayo munali ufa, usipa ndi nsinjiro zimene mayi anga anakonza sabata yathunthu. Ndikanazitaya? Ndinalipira madola 150, ndalama imene ndinasungira chakudya cha masiku oyamba ku England. Mkulu uja kumuyimbira, foni ingolira. Pa WhatsApp uthenga anawerenga, yankho mpaka lero.

Mchemwali wanga atamabwera chaka chotsatira, ndinamutumiza kwa mayi wina amene ali ndi kaofesi kakang'ono ka tebulo limodzi. Mayiwo anatenga cholembera n'kumuwerengetsa ola lililonse. Anamuuza kuti nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko limene ukunyamukamo kapena kuteramo: Addis ili patsogolo pathu ndi ola 1, London ili m'mbuyo ndi maola 2 m'nyengo yawo yozizira, ola 1 m'chilimwe chawo. Anamukaniza tikiti yotchipa, ngakhale mchemwaliyo ankaiumirira. Anafika m'maola 18 atagona bwino, katundu yense ali m'manja.

Tsono inu amene mukugulitsa malo a makolo kuti mukwere ndege, lekani kutengeka ndi chithunzi chimene mudzajambulitse pawindo. Musanapereke ngakhale 1 tambala, funsani kuti nambala ya tikiti ndi imodzi kuyambira ku Lumbadzi mpaka ku London, mudikira maola angati panjira, ndipo masutikesi ndi angati pa ndege iliyonse. Akayamba zoti "zimenezo mukaziona konko", tengani pasipoti yanu mutuluke.