Mayeso a Chitchaina: kuloweza mawu, pulogalamu ya pafoni, kapena kasewero ka pamsika?

Mwana wa mlongo wanga akulemba Chitchaina pa mayeso a Cambridge IGCSE, ndipo poti ine ndinaphunzirako chiyankhulochi, ntchito yomukonzekeretsa madzulo inagwera ine. Tayesa njira zitatu zimene makolo ndi ana amakanganirana, ndipo sizipereka phindu lofanana.

Muyambe mwadziwa chimene mayesowa amafuna. Ali ndi mapepala anayi: kumvetsera, kuwerenga, kuyankhula ndi kulemba, ndipo malikisi amagawidwa mofanana pa onse anayi. Loyankhula limatenga mphindi pafupifupi 10. Limayamba ndi kasewero: mwana amapatsidwa khadi lomuuza kumene ali, kaya ndi mu lesitilanti kapena pogula tikiti ya sitima, koma mafunso amene mphunzitsi amufunse sawaona. Kenako amacheza pa mitu iwiri ya moyo wa tsiku ndi tsiku, monga banja, sukulu, chakudya ndi maulendo.

Njira yoyamba ndi ya tonsefe amene tinakula ndi kuloweza: mndandanda wa mawu. Ambiri amatenga wa HSK, mayeso ena oyesa luso la Chitchaina, chifukwa unasanjidwa bwino. Pa dongosolo la mu 2010, gawo loyamba lili ndi mawu 150, lachiwiri 300, lachitatu 600. Siufuna bandulo, siufuna magetsi, ndipo mwana amaona yekha pamene wafika. Pa pepala lowerenga umathandiza ndithu. Vuto lake n'lakuti mawu amakhala m'mutu ngati chimanga m'nkhokwe yopanda khomo. Mtsikanayu ankadziwa kuti èr ndi "ziwiri" komanso kuti liǎng ndi "ziwiri", koma mndandandawo sunamuuze kuti agwiritse ati pogula nthochi.

Yachiwiri ndi mapulogalamu a pafoni, ndipo pano musawaike m'thumba limodzi. Duolingo ndi HelloChinese ndi ophunzitsa: amakumvetsera mawu, amakufunsa timafunso, amakuyamikira ukakhoza. Pa awiriwa ine ndimakonda HelloChinese chifukwa anaipangira Chitchaina chokha ndipo imafotokoza malamulo a chiyankhulo bwinoko. Koma onse awiri amakupatsa mayankho oti usankhepo, pamene pa mayeso oyankhula ndi olemba palibe amene adzakuyalire mayankho. Mwana akhoza kudzitama kuti wakhala masiku ambirimbiri osadumpha phunziro, koma n'kulephera kunena kuti mutu ukumupweteka. Pleco ndi ina: ndi dikishonale, imagwira popanda intaneti, ndipo chilembo chimene sukuchidziwa ukhoza kuchijambula ndi chala n'kuchipeza. Imeneyo ikhale pafoni ya mwana aliyense wophunzira Chitchaina. Anki ndi ya timakadi tobwereza mawu, yaulere pa Android koma yolipira pa iPhone, ndipo imachita ntchito ya mndandanda uja mwanzeru, chifukwa mawu amene ukuwaiwala ndi amene imakubweretsera kawirikawiri.

Yachitatu ndi imene inatisinthira zinthu, ngakhale poyamba mwanayo ankachita nayo manyazi. Ndinaika nthochi, tomato ndi makope patebulo, n'kukhala kumbuyo kwake ngati wogulitsa.

"Amalume, ndiye zachibwana zimenezi," anatero.

"Gula iwe, msika ukutsekedwa."

Anafunsa mtengo bwinobwino: duōshao qián? Ndinayankha kuti shí kuài, ndalama khumi. Anaima kaye. M'buku ndalama anaiphunzira ngati yuán, koma pakamwa Atchaina amakonda kunena kuài. Atazindikira, anadandaula kuti tài guì le, kutanthauza kuti zadula kwambiri, ndipo apa Umalawi wake unamuthandiza, chifukwa kunenerera sitichita kuphunzitsidwa. Ndiye ndinamufunsa funso limene sankaliyembekezera, kuti akufuna zingati. Anati èr ge. Ndinakana kumupatsa nthochizo mpaka atanena liǎng ge. Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyenso. Makope nawo anamuphunzitsa kuti ge, kamawu koikidwa pakati pa nambala ndi chinthu chowerengedwa, sagwira paliponse, buku limafuna běn, monga mmene ifenso sitinena "buku chimodzi".

Kasewero kamaulula msanga vuto la kamvekedwe ka mawu. Chitchaina cha Mandarin chili ndi kamvekedwe kanayi, ndipo mǎi wotsika pansi ndi kugula pamene mài wogwa mwamphamvu ndi kugulitsa. Ana athu amaopa zimenezi pachabe. Ife timasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo pongokweza kapena kutsitsa mawu, khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Khutu tili nalo kale, kungoti kusukulu sanatiuzepo. Palinso mwayi wina umene olankhula Chingerezi alibe. Kusiyana kwa pala ndi phala, kapena kula ndi khula, ndi kumene Atchaina amalemba ngati b ndi p, g ndi k mu pinyin, kalembedwe kawo ka zilembo zachilatini. Choncho p wa mu pinyin mutchuleni ngati ph wathu, ndipo b ngati p wathu. Palibe pulogalamu imene inamuuza mwanayu zimenezi, chifukwa onse amafotokoza poyerekeza ndi Chingerezi.

Ena amati ingomutumizani kusitolo ya Mtchaina m'tauni akayesere. Kumachotsa mantha, inde, koma eni sitolo ali pantchito, ndipo ochokera kum'mwera kwa China ambiri sasiyanitsa sh ndi s, moti shí, khumi, ndi sì, zinayi, zimamveka moyandikana. Pa mayeso omvetsera amagwiritsa ntchito katchulidwe kovomerezeka kotengera ka ku Beijing.

Kasewero kalinso ndi pofooka pake. Kamafuna munthu wachiwiri wodziwa kuposa mwanayo. Ana awiri a kalasi imodzi akamayeserera okha amangolimbitsana zolakwa, pokhapokha atadzijambula mawu pafoni n'kukamvetsera aphunzitsi awo. Ndipo pa pepala lolemba, kasewero sikathandiza n'komwe. Tinazindikira zimenezi mochedwa: mwana woyankhula mosadodoma za ulendo wa kumudzi, atapatsidwa cholembera, dzanja linauma. Foni ndi imene inamupusitsa, chifukwa ukalemba pinyin imakusankhira chilembo, iwe n'kumaganiza kuti ukuchidziwa. Kugula ndi 买, kugulitsa ndi 卖, kusiyana kwake ndi kamtanda kapamwamba basi, ndipo amene sanalembepo ndi dzanja sakaona.

Panopa timachita chonchi. Masiku atatu pa sabata ndi a kasewero, mphindi 15 zokha, malo amodzi pa tsiku: kwa dokotala, kufunsa njira, kuimbira mnzake kuti achedwa. Nthawi iliyonse ndimaponyamo funso limodzi la zimene zinachitika dzulo ndi lina la zimene adzachite mawa, chifukwa pa mayeso amafuna kumva zonsezo. Mawu amene anamusowa pa kasewero ndi amene amalowa mu Anki, osati a mndandanda wa munthu wina. Kenako amawalemba ndi dzanja m'kope la masamu la timabokosi, chilembo chimodzi m'mabokosi anayi, kuyambira pamwamba kutsika pansi, kumanzere kupita kumanja. Mapepala a mayeso akale tawasungira mwezi womaliza, pamene tidzayambe kuyang'ana wotchi.