Jombo ya chilonda cha shuga, tayesa miyezi 3

Bambo anga ali ndi shuga zaka zambiri ndithu, mapazi anachita dzanzi moti anaponda kamsomali osamva chilichonse, tinangozindikira sokosi ili ndi magazi. Chilonda pansi pa chala chachikulu, kutsuka, kumanga, mankhwala, koma osapola. Adokotala ku Queens anatiuza chilungamo kuti bala silingatseke munthu akuliponda tsiku lonse, ndipo poti samva ululu amaliponda mopanda chisoni. Anati chabwino kwambiri ndi chikhakha chosavula, koma kwathu ndi kutali, kubwera sabata iliyonse kudzasinthitsa sizikanatheka, nde achimwene anatumiza jombo yapulasitiki yoteteza bala kuchokera ku Joni.

Ndi yofika kumunsi kwa bondo, ili ndi ma strap, pansi pake ndi popindika ngati bwato nde phazi limangogubuduka, kulemera kumapita ku mwendo osati pa bala. Imagwira ntchito, sindinama. Pofika sabata yachisanu chilonda chinayamba kuchepa ndipo pano chatseka.

Koma vuto ndi lomweli loti imavulika. Madala amaivula akangofika pakhomo, eti ndingopita ku bafa, ndingoona nkhuku, ndipo ndi masitepe amenewowo omwe amaononga zonse. Sabata ziwiri zoyamba tinangotaya chabe mpaka mayi anayamba kumanga bandeji pamwamba pa ma strap kuti asamaivule mwachisawawa, kkkk ndewu yake inalipo.

Kutentha kwa Okutobala mkati mumachita thukuta koopsa, sokosi muzisintha kawiri. Ndi yaitali kuposa nsapato wamba nde chiuno chinayamba kuwawa, tinakapeza pa kaunjika nsapato yokhuthala pansi ya phazi linalo, zinatheka.

Chinthu chimodzi musachite masewera: musagule musanayezetse kayendedwe ka magazi. Ife adokotala anayamba agwira kaye mitsempha ya pa phazi kumva ngati ikugunda. Ngati magazi safika bwino, phazi lozizira kapena chala chikuda, jombo payokha sichiza ndipo kumanga kwambiri kukhoza kuyambitsa bala lina. Usiku uliwonse timavula nkuyang'ana chidendene ndi akakolo ngati pafiira, chifukwa madala sangakuuzeni kuti ikuthina.

Mtengo wake siwocheza, ndipo kasiponji ka mkati kanaphwa msanga. Ndikuipatsa 4 pa 5.