Tizishango tanga ta Nc'wala ndi makina odulira matabwa aja

Shopu yomwe inandidulira tizishango ndaipatsa nyenyezi zitatu, koma ziwiri mwa izo ndi za mnyamata woyendetsa makina, osati za bwana wake.

Chaka chilichonse ndimagulitsa tizishango topachika pakhoma ku Mtenguleni pa Nc'wala, mwambo wa Angoni. Kale ankandidulira mlamu wanga ndi sowo, koma tizishango 60 tinkamutengera masabata awiri, ndipo sumapeza tiwiri tofanana. Ndiye chaka chino ndinati ndiyese shopu ija ya makina a CNC, odula matabwa motsatira kompyuta, muno mu Chipata. Ndinapita ndi chithunzi pa fulashi ndi mabolodi atatu a pulayiwudi ya mamilimita 9, aakulu aja a 2440 ndi 1220. Mtengo wa bolodi masiku ano mukuudziwa nokha. Bwana anati pa bolodi limodzi patuluka 25, ndinalipira theka, anati Lachinayi ndidzatenge.

Lachitatu masana ndinadutsako kuti ndione. Makina anali atamaliza kuzokota mizere ya pakati pa tizishango tonse ta bolodi loyamba, kunangotsala kudula m'mbali. Pomwepo malaiti anapita. Zimenezo si mlandu wa munthu, tonse tinazolowera. Koma malaitiwo atabwera, mnyamata uja anali atatumidwa ku Kapata, ndipo bwana, poona kuti pali wina wa zitseko akudikira, anangoyatsa makina n'kudina batani. Sanawabwezere pamalo pake poyambira. Makina aja alibe maso, amangotsatira manambala, ndiye anadula kachishango kalikonse atasuntha ngati zala ziwiri kumanzere. Ine ndikuona mpeni ukulowa m'mizere yozokota ija, ndikukuwa kuti imitsani, iwo ali pa foni, ati "Amama, musaope, kompyuta silakwa." Pomadzaimitsa, mizere inayi mwa isanu ya tizishango inali itatha. Bolodi lonse nkhuni.

Chomwe chinandiwawa kwambiri si bolodi ayi. Ndi mawu. Bambo aja anandiuza maso ali gwa kuti chithunzi changa ndicho chinali chokhota, ndikagule bolodi lina, ndiponso ndilipire nthawi imene makina agwira. Chithunzi chomwecho chimene anachiyamikira Lolemba! Ndinatuluka ndikunjenjemera, mwambo utatsala masiku atatu, penti ndisanayambe n'komwe.

Madzulo ake mnyamata uja anandiimbira. Anati, "Amama, musagule bolodi lina, bwerani mawa m'mawa." Nditafika anandionetsa pa kompyuta zomwe anachita. Bwana anandanditsa tizishango ngati ana a sukulu pa mzere, kusiya mipata ikuluikulu pakati. Iye anatilowetsana, msonga ya kena kulowa pampata wa tiwiri, tina anatigoneka chopingasa kumapeto kwa bolodi. Pamene pankatuluka 25 panatuluka 32. Anasiyanso timilatho ting'onoting'ono tolumikiza kachishango kalikonse ndi bolodi, kuti kakadulidwa kasagwedezeke n'kumenyedwa ndi mpeni. Anayamba wadula kamodzi kokha, n'kundipatsa m'manja kuti ndivomereze, kenaka ndi pomwe anatulutsa tonse. Mabolodi awiri otsala aja anandipatsa 64.

Apa ndiyenera kunena zoona, ntchito ya makinawa ndi yabwino. Ndinasanjikiza tizishango khumi pamodzi, m'mbali mwake munali mosalala ngati thabwa limodzi. Mizere yozokota inatuluka yakuya mofanana, penti yakuda ndi yoyera inalowa bwino osadutsana. Mlamu wanga anakatembenuzatembenuza kamodzi, osanena kanthu.

Dziwani kuti timilatho tija mumadzachotsa nokha ndi mpeni ndi sandipepa, ndipo pulayiwudi imanyenyeka pang'ono m'mphepete ngati mpeni wa makina wayamba kubuntha. Ine ndi ana tinapala usiku wonse wa Lachinayi. Fumbi lake nalo si lamasewera, mukamapita kukayang'anira tengani kansalu kotseka pamphuno.

Ndingabwererenso? Mwina, ngati mnyamata uja akadalipo, ndipo ndidzaimirira pomwepo mpaka bolodi loyamba lithe. Bwana sanapepese mpaka lero. Pa ndalama yotsala anangochotsako K50 ngati akundichitira chifundo, ndipo fulashi yanga ikadali kwa iwo.