Walnut, amondi, hazelnut kapena pecan: mtedza wanji m'mabisiketi a batala a Khirisimasi?

Disembala akayandikira anzanga sasowa funso: mabisiketi a batala aja, oyera mbee ndi shuga, aikemo mtedza wanji? Ndiyankhe pano kamodzi.

Ku Austria amawapinda ngati mwezi wongooneka kumene n'kuwatcha Vanillekipferl, ku Greece ndi kourabiedes, ku America ambiri amati Mexican wedding cookies. Zolowamo ndi zomwezo: batala, ufa wa tirigu, shuga wa ayisingi ndi mtedza wopera. Zonunkhiritsa n'zochepa, ndiye mtedza ukakhala woipa ulibe pobisala. Za majarini tisatayirepo nthawi. Batala ali ndi mafuta pafupifupi 80 peresenti, pamene majarini ofewa opaka pabuledi amachuluka madzi ndipo bisiketi yake sifumbutuka mkamwa.

Walnut ndili naye kukhosi. Ndinagula paketi ya wopera kale, deti lake likadali patali, yomata bwinobwino moti sukanatha kununkhiza. Potuluka mu uvuni mabisiketi ankaoneka bwino, koma kuluma kamodzi kokha kukhosi kunatsala kuwawa ndi kafungo ngati ka penti yakale. Shuga wowaza pamwamba sanathandize. Chimene chinandipweteka si mtedzawo ayi, koma batala yense amene anapita nawo kudzala. Papaketi palibe amene amakulembera zimenezo.

Vuto lake n'lodziwika. Pafupifupi 65 peresenti ya walnut ndi mafuta, ndipo ambiri ndi a mtundu umene suchedwa kuonongeka ukakumana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Akangoupera, mpweya umafika paliponse, ndiye deti la papaketi silikuuzani kuti wakhala nthawi yaitali bwanji pamalo ofunda. Ngakhale watsopano, kakhungu kake kamawawirako. Amene amaukonda amati kuwawako kumachepetsa kutsekemera kwa shuga. Mwina n'zoona, koma ine sindinaukhululukire.

Amondi alibe ndewu. Mafuta ake ndi pafupifupi 50 peresenti, amasungika nthawi yaitali, ndipo mtanda wake umagwirana, choncho timiyezi tija sitithyoka chisawawa. Kungoti kukoma kwake n'kofatsa. Mukapanda kumukazinga pang'ono, mumangomva batala yekha.

Hazelnut amanunkhira kuposa onse mpaka kuphimba vanila, koma ntchito ndiye ilipo: kukazinga mu uvuni pa 175°C kwa mphindi 10 mpaka 12, kenako kupukusa m'kansalu kuti makungu achoke.

Wanga ndi pecan. Mafuta ake amaposa 70 peresenti, amatsekemera mwachibadwa, ndipo bisiketi yake imasungunuka usanaitafune. Ali ndi makhalidwe ake: popera sachedwa kusanduka phala, ndiye muziperera limodzi ndi supuni ziwiri za ufa, ndipo mtanda uyambe wakhala mufiriji ola limodzi, apo ayi mabisiketi aphwatalala. Nayenso amaonongeka akakhalitsa, ndikudziwa, koma amagulitsidwa kwambiri ali wosapera, ndiye umatha kulawa kamodzi usanaphatikize ndi batala.

Ngati mabisiketi ndi otumiza kutali kapena okhala m'chitini masabata awiri, tengani amondi. Odya sabata yomweyo, pecan. Walnut ndimagula wa m'zikhokho yekha, ndiswe ndekha, wotsala alowe mufiriza tsiku lomwelo.