Lastman, komiki ya ku France yomwe yanditenga mtima mwezi wozizirawu

Mabukuwa anandibweretsera ndi achimwene anga pochokera ku Joni mu June, atatu okhuthala bwino, akuti iwe poti umakonda zojambula tenga izi. Nyengo imeneyo kuno ku Dedza mukuidziwa kale, chifunga mpaka 9 koloko phiri osaoneka, nde madzulo ndikaweruka ndimangodzikulunga bulangete pafupi ndi mbaula nkumawerenga. Masiku anayi onse atatu anali atatha.

Dzina lake ndi Lastman. Anapanga ndi anthu atatu a ku France, Bastien Vivès, Balak ndi Michaël Sanlaville, inayamba kutuluka mu 2013 ndipo yonse ili ndi magawo 12. Yachingerezi yomwe ndili nayoyi ndi ya kampani yosindikiza mabuku ya Skybound, iwo amaphatikiza magawo awiri m'buku limodzi, kutanthauza kuti ine ndafika pa gawo 6, pakati penipeni. Mu 2015 inawina mphoto pa chikondwerero chachikulu cha makomiki mu mzinda wa Angoulême ku France komweko, ndipo nditawerenga sindikudabwa ayi.

Nkhani imayambira m'chigwa china cha mafumu, kopanda galimoto, kopanda magetsi, komwe chaka chilichonse kumakhala mpikisano wa ndewu. Kamnyamata ka zaka 12 dzina lake Adrian Velba kakonzekera chaka chonse, koma lamulo ndi loti mumalowa awiriawiri ndipo mnzake wadwala tsiku lomwelo. Apa nkutulukira chimunthu chachilendo, Richard Aldana, ndudu pakamwa, nayenso alibe mnzake, basi awiriwa nkugwirizana. Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho pa boma kuonera mafilimu a karate tingati aaa izi tinaziona kale. Dikirani kaye. Omenya a m'chigwamo samenya ndi manja okha, amayamba ayitana kaye mizimu, ya mphepo, ya moto, kuyankhula mawu awo ataimika manja mwaulemu wake, ndiye Richard sadikira zimenezo, munthu ali pakati poyitana mzimu iye chibakera phaa pamphuno, ndewu yatha. Anthu onse kukwiya kuti waphwanya mwambo. Ine apa ndinaganiza za kwathu kuno, mmene zimakhalira mlendo akafika pa mwambo wa eni ake osavula ndi chipewa chomwe, ndipo bukuli silikuuza kuti wolakwa ndani, limakusiya uzilimbana nazo wekha.

Koma chomwe ndalembera zonsezi si Richard ayi. Ndi mayi ake a Adrian, a Marianne. Poyamba umangowaona ngati mayi wophika buledi, wolera yekha mwana, wodandaula kuti mwana wanga avulala, ndipo ine ndimayesa ntchito yawo m'nkhaniyi ndi yomweyo basi. Richard atasowa mwadzidzidzi mpikisano utatha, mayiwa akutulutsa njinga yamoto yomwe anabisa, m'dziko loti anthu sadziwa nkomwe kuti injini nchiyani, kukweza mwana kumbuyo ulendo kumutsatira. Pamenepo ndinaika buku pansi kaye. Ndinakumbuka amayi anga omwe, zaka zonse zija akudzuka mdima kukagula matumba a kachewere ku Lizulu kuti ife tipite ku sukulu, ife kumangoona chitenje ndi dengu osadziwa kuti munthuyu ali ndi mbiri yake yomwe sanatiuzepo. Marianne ndi wotero. Ndipo akayamba kumenya yekha, eee, muzakaona nokha. Zomwe zachitika kumapeto kwa gawo 6 sindinena, kungoti usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Kajambulidwe kake ndi kakuda ndi koyera ndi kotuwa pang'ono, masamba ochepa okha oyambirira ndi omwe ali ndi mitundu. Mizere ndi yochepa, nthawi zina nkhope ilibe ndi maso omwe koma ukudziwa bwinobwino kuti munthuyu wakhumudwa, kungoona mmene wagwetsera mapewa. Ndewu zake zimayenda ngati ukuonera filimu. Vuto lake ndi lomwelonso, gawo limodzi ndi masamba pafupifupi 200 koma umamaliza ngati ukumwa thobwa, nde ukaganiza mtengo wa mabuku ochokera kunja, mtima umawawa ndithu kuti zatha kale.

China chomwe sichinandisangalatse ndichoti kuyambira gawo 3 akatuluka m'chigwa muja kupita ku Nillipolis kenako mzinda wa Paxtown, nkhani imasintha kwambiri, kuli kutukwana, nyumba za mahule, mabwana akatangale, ndipo atsikana ena amawajambula matupi pamtunda popanda chifukwa chenicheni. Zimandinyansa chifukwa anthu omwewa atha kulemba mzimayi wamphamvu ngati Marianne, bwanji enawo kuwasandutsa zokongoletsera tsamba? Makolo musapusitsidwe ndi kamnyamata kokongola kali koyambirira kuja. Mphwanga wa Sitandade 6 anandipempha, ndinawerenga naye gawo loyamba lokha tili limodzi, enawo ndakhomera m'sutikesi ndipo achemwali ndawauza chifukwa chake.

Iliponso katuni yake ya pa TV ya 2016 yofotokoza za Richard asanafike kuchigwa kuja, imeneyonso ndi ya akuluakulu.

Kwa wachinyamata wazaka 16 kupita mmwamba, makamaka inu mumajambula kumapeto kwa makope anu, ipezeni muone mmene mizere itatu ingapangire chibakera cholemera. Ine ndawatumizira kale uthenga achimwene pa WhatsApp kuti pobwera pa Khirisimasi asavutike ndi nsapato, angondisakira mabuku atatu otsalawo.